Munthu B Ndi Anthu Awiri

Amene anandiponya m'chipwirikiti chonsechi ndi a Magalasi, ngakhale eni ake mukawafunsa adzati ankangondithandiza.

A Magalasi ndi mwana wa anzawo a amayi a kutchalitchi. Amagwira ntchito yosanthula deta pakampani ina yaikulu, ntchito imene ine ndakhala ndikuisaka chimalizireni maphunziro zaka ziwiri zapitazo. Amayi akamawatchula amachita kutsitsa mawu ngati akutchula abusa. Loweruka lililonse amabwera kwathu, ati kudzandiwongolera, ndipo amayi amatulutsa makapu a m'kabati aja amene ife eni nyumba sitimwera.

Loweruka lina anatsegula laputopu yanga n'kuyamba kuyendera potifoliyo yanga, tsamba la pa intaneti limene ndimaikapo mapulojekiti oonetsa olemba ntchito kuti mutu ulipo. Panali atatu: ya mitengo ya nyumba, ya mvula, ndi ya makasitomala a sitolo ina imene sindinayambe ndapondamo.

"Zonsezi ndi deta yotola pa intaneti," anatero akukankha magalasi awo ndi chala. "Aliyense wofunsira ntchito amabweretsa zomwezi. Ife tikangoona mitengo ya nyumba timayamba kuyasamula. Pezani deta yanuyanu, yoti wina alibe."

"Ndikaipeza kuti, achimwene? Ine ndilibe sitolo, ndilibe kampani."

"Muli ndi foni," anatero, n'kumwa tiyi wawo pang'onopang'ono.

Choipa chake n'chakuti analidi atanena zanzeru. M'foni mwanga munali deta yoti palibe wina ali nayo padziko lonse: mauthenga amene ine ndi Kalipentala tinalemberana kwa miyezi khumi ndi inayi.

Kalipentala ndiye wanga. Tinadziwana atabwera kudzayeza pakona ya kuchipinda kwanga kuti andikhomere desiki, yomweyi imene ndimaikapo laputopu. Ndi wamtali, wosayankhula zambiri, ndipo akamaseka amayang'ana pansi. Ine amanditchula Manambala. Amayi samutchula n'komwe, amangoti "wa utuchi uja." Tsiku limene anavala shati yake yoyera kudzawapatsa moni anamulandirira pageti, n'kumuyang'ana nsapato mpaka anatembenuka yekha.

* * *

Sindine wopusa ayi. Ndisanayambe ndinachotsa mayina: ine ndinakhala Munthu A, iye Munthu B. Mawu enieniwo ndinawafufutanso, n'kungosiya tsiku, nthawi ndi kuchuluka kwa mawu mu uthenga uliwonse. Mauthenga analipo opitirira zikwi zisanu ndi chimodzi, ndipo kunena zoona, atatu mwa anayi alionse anali anga. Zimenezo zinandichititsako manyazi, koma ndinapitiriza.

Matchati oyamba anali ongoseketsa. Woyamba kupereka moni m'mawa, ine. Wochedwa kuyankha, iye, makamaka Lolemba. Kenako ndinajambula tchati cha kutalika kwa mauthenga. Cha Munthu A chinatuluka mulu umodzi: afupiafupi ochepa, apakatikati ambiri, aatali ochepa. Ndi mmene munthu amalembera.

Cha Munthu B chinatuluka milu iwiri.

Mulu wa kumanzere unali wa mauthenga a mawu amodzi, awiri, akachulukitsa atatu. "Ndafika." "Wadya?" "Mawa." "Chabwino." Amenewa ankabwera nthawi iliyonse. Mulu wa kumanja unali wa mauthenga aatali, a mawu zana kapena kuposa, ndipo onsewo, osatsalako ndi umodzi womwe, anatumizidwa Lachiwiri kapena Lachisanu, pakati pa thwelofu ndi wani koloko masana. Pakati pa milu iwiriyo panalibe kanthu, mbee.

Ndinati mwina ndasokoneza posanja. Ndinayambiranso, milu iwiri. Ndinayambiranso kachitatu, ndikuona mzere uliwonse mpaka maso kuwawa, milu yomweyo. Ndiye ndinangodziuza kuti masiku amenewo munthuyu amakhala ndi mpata, n'kusankha mitundu yokongola ya tchaticho.

A Magalasi ataona Loweruka lotsatira anaweramira pafupi ndi sikirini. "Ikani pa intaneti lero lomwe," anatero.

Lachitatu m'mawa foni inalira. Anali mayi wina wa kukampani yonyamula katundu kumene ndinafunsira ntchito. Anati ndipite ku intavyu Lolemba, ndipo ndikafotokoze pulojekiti ya Munthu A ndi Munthu B, chifukwa ndi imene yawakopa. Ndinavina ndekha kuchipinda mpaka ndinagunda bondo padesiki.

* * *

Amayi atamva, anaimbira a Magalasi asanandiyamikire n'komwe ine mwana wawo. Pofika madzulo munthu anali atakhala kale pampando wa malemu bambo, kapu ili m'manja.

"Funso limene akakufunseni ndi limodzi," anatero. "Milu iwiriyi ikutanthauza chiyani? Kujambula tchati aliyense amatha. Ntchito amapatsa amene angafotokoze."

"Ndikanena kuti masiku amenewo amakhala ndi mpata."

"Mpata?" Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. "Munthu wa mpata amalembako wautali Lamlungu. Amalembako wa mawu khumi akaima pamzere kwinakwake. Uyu miyezi khumi ndi inayi alibe wapakati ndi umodzi womwe. Ine deta yotere ndikaiona kuntchito, ndimati makina amodzi akugwiridwa ndi manja a anthu awiri. Munthu B wanuyu ndi anthu awiri, chemwali."

Amayi anali ataima pakhomo la kukhitchini, thireyi ili m'manja. "Munthu B ndiye ndani?"

A Magalasi anangoyang'ana m'kapu, milomo ikugwedera ndi kuseka kobisa.

"Ndi wa utuchi uja eti?" anatero amayi. "Ndiye kuti ine ndikuvutika ndi kukana mmodzi, chonsecho alipo awiri?"

"Amayi, si choncho."

"Nanga ndi bwanji? Tiuze, si iwe wophunzira manambala?"

Amayi anaika thireyi patebulo mwaulemu wonse, n'kuwaonjezera a Magalasi shuga amene sanapemphe.

Powaperekeza kugeti, a Magalasi anaima pafupi ndi galimoto yawo akuseweretsa makiyi. "Musandimve molakwa, ine ndikungowerenga deta," anatero. "Koma ngati mungafune kudziwa, ine uthenga wanga ndimalemba ndekha."

"Muyende bwino, achimwene," ndinatero, n'kutseka geti iwo asanalize n'komwe galimoto.

* * *

Lachinayi lonse sindinakonzekere intavyu. Ndinakhala padesiki n'kumawerenga mauthenga a mulu wa kumanja, umodziumodzi.

Ndikuuzeni zoona. Kalipentala ndinamukonda ndi maso, koma amene anandigwetsa ndi mauthenga amenewa. Ukakhala naye, munthuyu amatha ola lathunthu atanena mawu asanu. Ndiye Lachiwiri masana foni n'kulira, n'kupeza mtima wake wonse wautsanulira pamenepo. Ndinkati ndi anthu aja amanyazi pakamwa koma olimba mtima polemba.

Unalipo umodzi umene ndinauloweza pamtima. Unabwera Lachisanu, amayi atamubweza pageti dzulo lake:

"Manambala, amayi ako sanalakwe kundiyang'ana nsapato. Zinalidi ndi utuchi, ndinapukuta koma umabisala m'zingwe. Usakangane nawo chifukwa cha ine. Ndidzabweranso, ndipo ndidzabwerabe mpaka adzatope n'kundipatsa mpando. Koma pali china chimene sindinakuuzepo. Ndikangomva mawu ako panja, dzanja langa limaiwala chimene lagwira. Ndimayesa kuchita ngati ndatanganidwa kuti usaone. Ukachoka ndimakhala ndikuyang'ana pamene unaima, ngati ubweranso kudzatenga chimene waiwala. Sindikudziwa ngati udzadziwa kukula kwake kwa zimenezi."

Chifukwa cha uthenga umenewu ndinauza amayi m'maso muli gwa kuti wa utuchi ujayo sindimusiya. Tinatha sabata osayankhulana m'nyumba imodzi.

Tsopano ndinauwerenga ndi mutu wina. Mwina amakopera pa intaneti? Ndinasaka chiganizo chilichonse, osapeza kanthu. Mwina foni amabwerekana ndi wina? Nanga winayo za nsapato anazidziwa bwanji? Mwina a Magalasi angondisokoneza dala. Komatu manambalawo sanaikemo ndi iwo, ndinaika ndekha.

Ndinaganiza zomuyesa. Ndinalemba uthenga wautali, wa mafunso anayi, lomaliza lakuti, "Kodi umandikonderanji kwenikweni?" Patapita mphindi makumi awiri yankho linabwera.

"Chabwino."

Chabwino chiyani, abale? Ndinamuimbira pompo. Kumbuyo kunkalira makina ochekera matabwa.

"Wawerenga uthenga wanga?"

"Ndauona, Manambala. Ndikuyankha bwino mawa."

"Bwanji osayankha lero? Ndi mafunso anayi okha."

"Manja ali ndi guluu," anatero. Kenako, motsitsa mawu, "Wadya koma?"

Ndinadula foni mtima ukuwawa, osadziwa kuti ukuwawira chiyani. Mawu akewo anali omwe aja, ofatsa, ondifunira zabwino. Koma mawa lake linali Lachisanu.

* * *

Lachisanu ndinatsika basi itangokwana thwelofu koloko, tchati chosindikiza chili m'chikwama.

Shedi ya Kalipentala ili kumapeto kwa mzere wa timasitolo, moyandikana ndi sitolo ya penti. Wogulitsa m'sitoloyo ndi mtsikana wa msinkhu wanga, wa maso akuluakulu, amene aliyense pamzerepo amamutchula Wapenti. Nthawi zonse amandipatsa moni wa ulemu wopitirira muyezo. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Mutu uja unasiya, asisi?" Ndinayankha kuti unasiya, ndipo ndili m'basi m'pamene ndinadabwa kuti za mutuwo ndinamuuza liti. Lero anali kuseri kwa kauntala, ataweramira pansi, ndipo sanandione.

Kalipentala ndinamupeza yekha akupala chitseko, pensulo ili kukhutu. Atandiona anaima, n'kumwetulira akuyang'ana pansi.

"Manambala. Bwanji osanena kuti ukubwera?"

"Foni yako ili kuti?"

"Ili pa moto kwa Wapenti. Soketi ya muno ndi ya makina."

Ndinatulutsa pepala lija n'kuliyala pachitseko, pamwamba pa zopalapala. Ndinamufotokozera zonse: potifoliyo, intavyu ya Lolemba, Munthu A, Munthu B. Ndinamulozera mulu wa kumanzere, ndinamulozera wa kumanja. Iye sankayang'ana pepalalo, ankayang'ana chala changa.

"Ndiye waika nkhani zathu pa intaneti?"

"Mawu mulibe, mayina mulibe. Ndi manambala okha."

"Manambala okha," anabwereza, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Lolemba akandifunsa kuti milu iwiriyi ndi chiyani. Koma zimenezo zisiye, ntchito ndikhoza kuiphonya. Ndikufunsa ine. Amene amandilembera Lachiwiri ndi Lachisanu ndi ndani?"

Anachotsa pensulo kukhutu, n'kuibwezeranso. Anakhala pa benchi. Munthu wamtali ngati ameneyo anaoneka wochepa mwadzidzidzi, ndipo ndinayamba kuopa yankho lake ndisanalimve.

"Sukulu ndinalekeza kalasi yachitatu," anatero. "Bambo atadwala ndinalowa mu shedi muno. Tepi ndimawerenga, manambala sandivuta. Mawu afupiafupi ndimalemba, ndinawazolowera. Koma uthenga wautali ngati wako wa dzulo uja, ndikhoza kutha nawo tsiku lonse osafika kumapeto."

"Ndiye?"

"Ndiye Lachiwiri ndi Lachisanu abwana ake a Wapenti amapita kokatenga katundu. Ndimapita kuseri kwa kauntala, iye amandiwerengera zimene walemba, ine ndimanena zoyankha, iye amalemba. Mawu ndi anga, Manambala. Manja okha ndiwo ake."

Wapenti amamuwerengera. Miyezi khumi ndi inayi, zonse zimene ndinalemba ndili ndekha kuchipinda, za amayi, za misozi yanga nditakanidwa ntchito kachisanu, ngakhale zina zija zoti munthu sunganene kuli kowala, zonsezo zinkatuluka pakamwa pa Wapenti, pakati pa zitini za penti. Nkhope yanga inatentha. Ndinafuna kumumenya ndi pepala lomwelo, ndinafunanso kumugwira mutu n'kuutsamiritsa pachifuwa panga, ndipo sindinadziwe choyamba n'chiti.

"Bwanji sunkangojambula mawu n'kutumiza? Foni imatha zimenezo."

"Ndinatumizapo kamodzi, sabata yoyamba. Ukukumbuka zimene unayankha?"

Ndinakumbuka, ndipo ndinalakalaka ndikanaiwala. Ndinamuuza kuti mauthenga a mawu ndi a anthu aulesi, mwamuna weniweni amakhala pansi n'kulemba. Ndinaikanso kankhope koseka kumapeto kwake.

"Ndinkati ndikuuza," anatero. "Kenako amayi ako anandiyang'ana nsapato zija. Ndinati akadziwanso izi, ndiye basi. Panopa ndikuphunzira, Lamlungu masana, kwa aphunzitsi ena opuma. Ndinkafuna tsiku lina ndidzakulembere wautali ndekha, iwe osadziwa kuti panali kusiyana."

Ndinakhala pambali pake pa benchipo, diresi langa loyera pa utuchi. Mkwiyo unali ukutsika, chisoni chikukwera. Ndinadziuza kuti palibe chimene chatayika. Manja ndi manja basi, ngakhale mabwana amalemberedwa makalata ndi ena. Chachikulu mawuwo ndi ake.

"Lero sunapiteko?" ndinafunsa.

"Ayi. Mwini chitsekochi akubwera thu koloko."

"Ndiye ndikuwerengere ine," ndinatero. "Pali umodzi umene ndimaukonda kuposa onse. Ndikufuna ndiuwerenge uli pompa."

Ndinatsegula foni, ngakhale sindinkafunika kuyang'anapo. Nditawerenga za nsapato anaseka chapansipansi. "Umabisaladi m'zingwe," anatero. Nditafika pakuti adzabwerabe mpaka adzamupatse mpando, anagwedeza mutu. "Eya. Ndinatero."

Ndinapitiriza. Dzanja loiwala chimene lagwira. Kuchita ngati watanganidwa. Kuyang'ana pamene ndinaima. Nditamaliza ndinadzutsa mutu kuti ndimuone, ndipo ndinapeza atakwinya chipumi.

"Bwereza pamenepo."

Ndinabwereza.

"Zimenezo sindinanene ine," anatero pang'onopang'ono. "Ine ndinalekezera pa mpando."

"Mwina unaiwala. Ndi kale."

"Sindingaiwale. Ine dzanja likaiwala chimene lagwira, chala chimatsala pa makina." Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Ndi mawu abwino. Ndikanakonda akanakhala anga. Koma si anga."

Kunja kunadutsa lole, fumbi n'kulowa mu shedi. Ndinayang'ana khoma la malata limene limalekanitsa shediyo ndi sitolo ya penti. Ndi lopyapyala, munthu akayankhula mbali ino amamveka mbali inayo. Ndani amamva mawu a munthu panja n'kuiwala chimene wagwira? Ndani amachita ngati watanganidwa kuseri kwa kauntala, n'kutsala akuyang'ana pamene munthu anaima? Mawu amene ndinakanganira ndi amayi anga analembedwa ndi munthu wokondadi, wokonda mpaka kupweteka. Kungoti amene ankakondedwayo sindinali ine.

"Ndi angati ena amene anaonjezera?" ndinafunsa.

"Sindikudziwa."

"Nanga anga? Ankakuwerengera onse, kapena ankadumpha mwina?"

Anatambasula manja ake opanda kanthu. "Ndikanadziwa bwanji, Manambala?"

Nthawi yomweyo foni inanjenjemera m'manja mwanga. Ndinayang'ana. Dzina lake, chithunzi chake, nthawi ikusonyeza kuti kwatsala mphindi khumi kuti ikwane wani koloko. Uthenga wautali, wodzaza sikirini yonse, wochokera kwa munthu amene anali atakhala pambali panga manja ali utuchi wokhawokha.

"Manambala, ndaganiza mofatsa za funso lako la dzulo, ndipo ndilibe yankho. Amayi ako akunena zoona. Iwe ukupita kumaofesi, ine ndikhala wa utuchi mpaka kale. A Magalasi aja umawadandaula ndi amene angakusunge bwino. Usabwerenso ku shedi kuno, usandiimbirenso, zingotipweteka tonse..."

Sindinathe kupitiriza. Iye anaona dzina lake pamwamba pa sikirini, chifukwa limenelo amalidziwa. Anayang'ana khoma la malata, n'kuyang'ananso ine, n'kusendera pafupi mpaka phewa lake linakhudza langa.

"Tandiwerengera," anatero. "Ndati chiyani?"